Kafukufuku wa miyala asasiyidwe m'manja mwa makampani a migodi okha

Aliyense amene analowapo m'nyumba yosungiramo miyala yotulutsidwa pansi pa nthaka amadziwa kuti m'menemo mulibe chokopa maso. Mumakhala mathireyi ataliatali osanjikizana mpaka kudenga, ndipo m'thireyi iliyonse mwandandalikidwa miyala yobulungira yooneka ngati mipini ya makasu yoduladula, imene makina oboola pansi anatulutsa mita ndi mita. Katswiri wa miyala amanyowetsa mwala ndi madzi kuti mitundu yake ioneke bwino, amausendeza kudiso ndi kagalasi kokuzira zinthu, nthawi zina amadonthezapo asidi kuti aone ngati uchite thovu, kenaka amalemba zimene waona pamodzi ndi kuya kwa pamene mwalawo unachokera. Akafika pamene pali timadontho tachikasu tonyezimira, tosonyeza kuti muli mkuwa, amacheka mwalawo pakati m'litali mwake. Theka limodzi limapita ku labotale kukaperedwa ndi kuyezedwa, theka linalo limabwerera m'thireyi. Theka lotsalalo, pamodzi ndi zonse zimene katswiriyo walemba, ndi chuma chimene maiko ambiri amachitaya mosadziwa, ndipo ine ndikuona kuti nkhani yonse ya zitsulo zofunika pa magetsi atsopano yagona pa funso loti ndani amasonkhanitsa chidziwitso chotere, ndani amalipira, ndipo ndani amachisunga.

Dziko lapansi lagwirizana, ngakhale mokokanakokana, kuti lichepetse kuwotcha malasha, mafuta ndi gasi pofuna kuchepetsa kusintha kwa nyengo. Chimene andale satchula kawirikawiri n'chakuti makina olowa m'malo mwa zinthu zimenezi amadya zitsulo zochuluka. Lipoti la bungwe la International Energy Agency la m'chaka cha 2021 linanena kuti galimoto yoyendera magetsi imafuna miyala ya m'migodi yochuluka kasanu ndi kamodzi kuposa galimoto yoyendera mafuta, ndipo malo opangira magetsi ndi mphepo pamtunda amafuna yochuluka kasanu ndi kanayi kuposa malo opangira magetsi ndi gasi. Mawaya amafuna mkuwa ndi aluminiyamu, mabatire amafuna lithium, graphite, nickel ndi cobalt, pamene maginito amphamvu a m'mainjini amafuna neodymium ndi dysprosium, zimene zili m'gulu la zitsulo zotchedwa rare earth. Walira mvula walira matope. Amene akufuna magetsi oyera wavomereza kuti kwinakwake kukumbidwe dzenje, ndipo chimene chatsala kukambirana ndi malo a dzenjelo, kukula kwake ndi mmene anthu adziwira kuti pamenepo ndi poyenera.

Pali kusamvetsa kumodzi kumene kumasokoneza nkhaniyi kuyambira pachiyambi. Anthu akamva kuti chitsulo china chikusowa, amaganiza kuti chatha m'nthaka. Zitsulo zimenezi zili paliponse, koma zili zomwazikana kwambiri moti kuzitola kungawononge ndalama ndi mphamvu zoposa phindu lake. Mu tani imodzi ya mwala wamba mumapezeka mkuwa wosakwana magalamu 100, pamene mgodi waukulu umafuna mwala wokhala ndi mkuwa wokwana pafupifupi makilogalamu asanu pa tani kuti upange phindu. Choncho mgodi umatheka pokhapokha pamene chilengedwe chinachita kale ntchito younjika chitsulocho pamalo amodzi, kudzera m'chiphalaphala chotentha chimene chinazizira pang'onopang'ono pansi pa nthaka, m'madzi otentha amchere amene anayenda m'ming'alu ya matanthwe, kapena m'mvula ya zaka mamiliyoni imene inatsuka zina n'kusiya zina. Kafukufuku wa miyala ndi ntchito yofufuza mmene kuunjikako kunachitikira, liti, ndiponso m'matanthwe amtundu wanji. Munthu akayankha mafunso amenewa amadziwa kumene angayang'ane, ndipo wosawayankha amangoboola mwachimbulimbuli mpaka ndalama zitatha.

Mbiri ya mgodi wa Olympic Dam ku South Australia ndi yoyenera kuifotokoza mwatsatanetsatane, chifukwa ikuonetsa mmene ntchitoyi imayendera. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, katswiri wina wa kampani ya Western Mining Corporation, Douglas Haynes, anafufuza mmene matanthwe akuda ochokera ku chiphalaphala amatayira mkuwa wawo akasinthidwa ndi madzi, ndipo anaganiza kuti mkuwa wotayikawo uyenera kuti unakaunjikana m'matanthwe ena oyandikana nawo. Vuto linali lakuti dera limene maganizowa analoza linali chipululu chopanda thanthwe lililonse looneka pamwamba. Akatswiri a kampaniyo anatenga mapu amene boma la Australia linajambula kale, osonyeza mphamvu ya maginito ndi kulemera kwa matanthwe obisika, n'kusankhapo malo oti aboole. M'chaka cha 1975 dzenje loyamba linapeza mkuwa pansi pa matanthwe opanda kanthu okhuthala mamita oposa 300. Maenje angapo otsatira anali okhumudwitsa, ndipo kampani yopanda chipiriro ikanalongedza katundu, koma dzenje lakhumi, m'chaka cha 1976, linadutsa mamita 170 a mwala wokhala ndi mkuwa woposa 2 peresenti. Dzina la mgodiwo, tinene mongodutsa, linachokera ku kadamu komwetsera ziweto kamene kanali pafupi, kokumbidwa m'nyengo ya masewera a Olimpiki a ku Melbourne a 1956.

Chochititsa chidwi n'chakuti chimene anapeza sichinali chimene ankafuna. Ankayembekeza mkuwa wa m'matanthwe oyalana, koma anagwera pa mtundu wa mgodi umene sayansi inali isanaudziwe, wosakaniza chitsulo, mkuwa, golide, siliva ndi yureniyamu, ndipo lero malowa amadziwika kuti ndiwo ali ndi yureniyamu wochuluka kuposa ena onse odziwika padziko. Maganizo a Haynes anali olondola pang'ono ndi olakwika pang'ono, koma anali okwanira kulozera makina oboola kumalo kumene palibe akanaganizako. Ndikufuna owerenga aone zinthu ziwiri pa nkhaniyi. Choyamba, kupezeka kwa mgodiwo kunayamba ndi funso la sayansi la mmene mkuwa umayendera m'matanthwe. Chachiwiri, funsolo likanathera m'mabuku pakanapanda mapu a boma amene anajambulidwa ndi ndalama za misonkho popanda wina kudziwa kuti adzapindula chiyani. Kukumba kunayamba m'chaka cha 1988, patatha zaka 13 chipezekere mkuwawo.

Nkhani zofanana nayo zilipo zingapo. M'chaka cha 1970, akatswiri a miyala David Lowell ndi John Guilbert anafotokoza mmene matanthwe ozungulira migodi ya mkuwa ya mtundu wa porphyry amasinthikira m'mizere yozungulira, mzere uliwonse ndi miyala yakeyake, moti munthu wodziwa kuwerenga mizere yakunja angalondole pamene pali phata. Lowell yemweyo anatsogolera kafukufuku amene anapeza Escondida m'chipululu cha Atacama ku Chile m'chaka cha 1981, ndipo mgodi umenewu ndiwo umatulutsa mkuwa wochuluka kuposa wina uliwonse padziko. Ku Democratic Republic of Congo, anthu akhala akukumba mkuwa m'dera la Katanga kwa zaka zambirimbiri, ndipo akatswiri ambiri ankakhulupirira kuti malire a matanthwe okhala ndi mkuwa akudziwika. M'chaka cha 2008 akatswiri a kampani ya Ivanhoe anapeza mkuwa wa Kamoa kumadzulo kwa Kolwezi, kunja kwa malire amene anthu anazolowera, pansi pa dothi ndi mchenga. Gawo lolemera kwambiri la Kakula linapezeka mu 2016, ndipo mkuwa woyamba unatuluka mu 2021.

Zaka zimenezi ndi zofunika kuzisunga m'mutu. Lipoti lomwe lija la 2021 linapeza kuti migodi ikuluikulu imatenga zaka zoposa 16, tikatengera pakatikati, kuchokera pamene mwala wapezeka kufika pamene chitsulo choyamba chagulitsidwa, ndipo linanenanso kuti kuchuluka kwa mkuwa m'miyala yokumbidwa ku Chile kunatsika ndi 30 peresenti m'zaka 15. Migodi yoonekera pamwamba, imene munthu ankaizindikira poona mwala wobiriwira m'mbali mwa phiri, yambiri inapezeka kale. Yotsalayo yabisika pansi pa mchenga, dothi, madzi oundana kapena matanthwe ena, ndipo kuipeza kumafuna kuyeza kochokera m'ndege, kuyeza zaka za matanthwe m'labotale, ndi anthu amene aphunzira kwa nthawi yaitali kumasulira zotsatirazo. Mkuwa umene udzafunike m'chaka cha 2045 uyenera kuti ukufufuzidwa lero. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma msika wa masheya, kumene makampani ang'onoang'ono ofufuza miyala amapezako ndalama, sudziwa kudekha kotere.

Apa ndi pamene ndikusiyana ndi amene amati boma lingopereka ziphaso ndipo makampani achite zonse. Kampani imafufuza chimene chili ndi mtengo lero, pamene mndandanda wa zitsulo zofunika umasintha mofulumira kuposa nthawi imene mgodi umatenga kuti utsegulidwe. Ku Greenbushes ku Western Australia anthu anayamba kukumba tini m'chaka cha 1888, ndipo kwa zaka pafupifupi zana miyala yotuwa yokhala ndi lithium sankaiwerengera, koma lero malowa ndi amodzi mwa migodi ikuluikulu ya lithium padziko. Ku Manono ku Congo nako kunali mgodi wa tini, ndipo tsopano makampani akulimbirana lithium wa m'matanthwe omwewo. Bayan Obo ku China, kumene kumachokera gawo lalikulu la zitsulo za rare earth, anapezedwa ndi katswiri wa miyala Ding Daoheng m'chaka cha 1927 ngati malo a chitsulo wamba, ndipo Mountain Pass ku California anapezedwa mu 1949 ndi anthu amene ankafunafuna yureniyamu. M'malo onsewa chimene chinadzakhala chuma chenicheni chinali chinthu chimene ofufuza oyamba sanapitire.

Kusinthaku kumachitikanso mobwerera m'mbuyo. Zaka zochepa zapitazo aliyense ankanena kuti cobalt, amene pafupifupi 70 peresenti yake imachokera ku Congo, ndiye adzatsekereze galimoto zamagetsi. Kenaka mabatire a mtundu wa LFP, amene safuna cobalt kapena nickel, anafala, migodi inatulutsa cobalt wochuluka, mtengo unagwa, moti mu February 2025 boma la Congo linaimitsa kaye kutumiza cobalt kunja. Mtengo wa lithium unafika pachimake kumapeto kwa 2022, kenaka unatsika ndi magawo oposa 80 pa 100 alionse, ndipo makampani ambiri anaimitsa kufufuza n'kuchotsa antchito. Nickel wochuluka wa ku Indonesia, dziko limene linaletsa kutumiza kunja mwala wosayenga mu 2020, anagwetsa mtengo mpaka migodi ina ya ku Australia inatsekedwa mu 2024. Kafukufuku amene amayaka ndi kuzima motsatira mitengo chonchi sangapange chithunzi chathunthu cha zimene zili pansi pa dziko lililonse. Nthambi ya boma yoona za miyala ndiyo ingathe kuyeza zitsulo zonse m'chitsanzo chilichonse, zofunika lero ndi zosafunika zomwe, n'kusunga zotsatirazo mpaka tsiku limene wina adzazifune.

Palinso kafukufuku amene palibe kampani ingamulipire chifukwa phindu lake limadza mochedwa ndipo limagwera aliyense. Chitsanzo chabwino ndi matanthwe otchedwa carbonatite, amene ndi gwero lalikulu la zitsulo za rare earth ndi niobium, chitsulo chosakaniza ndi zina kuti zilimbe. Kwa nthawi yaitali akatswiri ankatsutsana ngati matanthwe ofanana ndi laimu amenewa angachokere ku chiphalaphala, ndipo ambiri ankakana. Mtsutsowo unazilala pamene katswiri wa miyala J. B. Dawson anakwera phiri lophulika la Oldoinyo Lengai ku Tanzania m'chaka cha 1960 n'kuona chiphalaphala cha mtundu umenewu chikutuluka, chakuda pamene chili chatsopano ndipo chosanduka choyera pakapita masiku ochepa. Pa nthawiyo palibe amene ankaganiza za maginito a galimoto zamagetsi. Koma kumvetsa kuti matanthwewa amachokera pansi kwambiri, ndiponso kuti amakonda kutulukira m'madera amene nthaka inang'ambika, ndiko kumene lero kumathandiza ofufuza kudziwa kumene angapeze ena ofanana ndi Mountain Pass kapena Araxá ku Brazil, kumene kumachokera niobium wochuluka wa padziko lonse.

Mbali ina imene anthu ambiri saidziwa n'njakuti zitsulo zingapo za pa mndandanda zilibe migodi yakeyake. Gallium amachotsedwa poyenga bauxite, mwala umene umapereka aluminiyamu. Germanium ndi indium amachokera makamaka m'miyala ya zinki, tellurium wa m'mapanelo ena a sola amatoledwa m'matope otsalira poyenga mkuwa, ndipo ngakhale cobalt wochuluka amatuluka monga mlendo wotsagana ndi mkuwa kapena nickel. Pamene China inaika malamulo oletsa kutumiza kunja gallium ndi germanium popanda chilolezo mu August 2023, maiko ena anadzidzimuka n'kuzindikira kuti kwa zaka zambiri akhala akutaya zitsulo zimenezi m'milu ya zinyalala za migodi yawo, chifukwa palibe amene anayeza kuti adziwe kuti zilimo zochuluka bwanji ndipo zamatirira ku mwala uti. Mulu waukulu wa zotsalira za ng'anjo umene uli mu mzinda wa Lubumbashi ku Congo tsopano ukuyengedwanso kuti muchotsedwe cobalt ndi germanium. Kufufuza milu yakale yotere n'kotsika mtengo poyerekeza ndi kuboola maenje atsopano, ndipo sikufuna kugwetsa nkhalango kapena kusamutsa mudzi, komabe sikupatsidwa ulemu wofanana ndi kulengeza kuti kwapezeka mgodi watsopano.

Kudziwa kuti chitsulo chilimo ndi theka chabe la ntchito, chifukwa funso lotsatira ndi lakuti chatsekeredwa mu mwala wotani ndipo chingatuluke bwanji. Zitsulo za rare earth zimafanana kwambiri m'makhalidwe awo moti kuzilekanitsa kumafuna kuzitsuka mobwerezabwereza ndi mankhwala, ndipo China, imene inaika ndalama ndi akatswiri pa luso limeneli kwa zaka zambiri, imayenga pafupifupi 90 peresenti ya zitsulozi. Ku chigwa cha Jadar ku Serbia, kampani ya Rio Tinto inapeza lithium m'chaka cha 2004 ali mu mwala umene sayansi inali isanaulembepo, umene unapatsidwa dzina loti jadarite, ndipo panafunika zaka zoyesa njira yochotsera lithiumyo. Dziko limene lili ndi mwala koma lilibe labotale yoti liudziwe bwino limangogulitsa dothi, ndipo wogula ndiye amadziwa zimene zilimo. Nthawi zina wogulayo amalipira chitsulo chimodzi chimene chalembedwa pa mgwirizano, zina zotsagana nacho n'kuzitenga ulere.

Maiko olemera anazindikira zimenezi ndipo abwerera ku ntchito imene anainyalanyaza. Bungwe la United States Geological Survey linayambitsa ntchito ya Earth MRI mu 2019 yojambulanso mapu a matanthwe a dzikolo, kuphatikizapo kuyeza zinyalala za migodi yakale. Australia inayendetsa ntchito ya Exploring for the Future kuyambira 2016, ndipo zotsatira zake zimaperekedwa kwa aliyense. Lamulo la European Union la zitsulo zofunika, limene linayamba kugwira ntchito mu May 2024, likufuna kuti pofika 2030 maikowa azikumba okha 10 peresenti ya zimene amagwiritsa ntchito, aziyenga okha 40 peresenti, azipeza 25 peresenti kuchokera ku zinthu zakale, ndipo likulamula maiko a m'bungweli kukhala ndi ndondomeko zawo zofufuzira miyala. Amene amalalikira kuti msika uzichita zonse ndiwo akuthira ndalama za boma m'kafukufuku wa miyala. Africa, ngakhale ndi yaikulu chotere, imalandira pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a ndalama zimene makampani amaononga pofufuza miyala padziko, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake n'chakuti madera ambiri alibe mapu atsatanetsatane amene wofufuza angayambirepo.

Wina anganene kuti si chilungamo kuti dziko losauka, limene zipatala ndi sukulu zake zikusowa zipangizo, liwononge ndalama pojambula mapu amene adzalemeretse makampani akunja. Mfundo imeneyi ndi yolemera ndipo sindikufuna kuipeputsa. Yankho langa n'lakuti mapu amenewa amagwira ntchito yaikulu pa tebulo la zokambirana. Boma likakhala pansi ndi kampani kuti agwirizane za misonkho, zaka za chiphaso ndi gawo la boma mu mgodi, mbali imene ikudziwa bwino zimene zili pansi ndiyo imatsogolera. Ngati manambala onse achokera ku kampani, ndipo boma lilibe katswiri woti atsegule thireyi, ayang'ane mwala ndi kubwereza kuyeza, ndiye kuti boma likugulitsa katundu amene silinamuone. Komanso si zonse zimene zimafuna ndalama zambiri. Lamulo lokakamiza kampani iliyonse kusiya malipoti ake ndi miyala imene yaboola m'manja mwa boma chiphaso chikatha silifuna ngongole yakunja, limangofuna nyumba yosadontha, antchito olipidwa pa nthawi yake ndi akuluakulu osalola kunyengereredwa. Mapu omwewo amathandizanso popeza madzi apansi, posankha malo omangapo madamu ndi misewu, ndiponso podziwa kumene nthaka ingagumuke.

Funso la umwini wa chidziwitso lakula kwambiri tsopano pamene makampani akugwiritsa ntchito makompyuta anzeru pofufuza miyala. Kampani ya KoBold Metals, imene inalowa mu ntchito ya mkuwa ya Mingomba ku Zambia mu 2022, imadziwika ndi njira imeneyi. Koma kompyuta siona pansi pa nthaka. Imaphunzira kuchokera ku mapu akale, malipoti olembedwa pamanja ndi zotsatira za maenje amene anthu anaboola zaka makumi angapo zapitazo, ndipo ngakhale ku Mingomba kumene, mkuwa unali utapezeka kale ndi oboola am'mbuyomo. Izi zikutanthauza kuti mapepala akale amene akudyedwa ndi chiswe m'maofesi a boma asanduka chuma. Mapu ndi malipoti ambiri a miyala ya Congo a m'nthawi ya atsamunda akusungidwa ku nyumba yosungiramo zakale ya ku Tervuren ku Belgium, kutali ndi ophunzira a ku Lubumbashi kapena Kinshasa amene akanawagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku. Ine ndikuona kuti kuika zolembedwa zotere pa kompyuta ndi chinthu chabwino, pokhapokha ngati zotsatira zake zikhala zotsegukira onse, chifukwa kampani imodzi ikakhala ndi kiyi wa mbiri yonse ya miyala ya dziko, mpikisano wa ziphaso umakhala utatha usanayambe.

Chidziwitso chotseguka chimatetezanso ku chinyengo, chimene sichisowa paliponse pamene anthu akuthamangira chuma. M'zaka za m'ma 1990 kampani ya ku Canada yotchedwa Bre-X inalengeza kuti yapeza golide wochuluka zedi ku Busang ku Indonesia, ndipo anthu ambirimbiri anagula masheya ake. M'chaka cha 1997 zinadziwika kuti zitsanzo za miyala zinkathiridwa fumbi la golide zisanapite ku labotale. Chimodzi mwa zinthu zimene zikanachenjeza anthu n'chakuti kampaniyo inkapera mwala wonse osasiya theka loti wina adzayezenso. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Zitachitika izi Canada inakhwimitsa malamulo a kalengezedwe ka zotsatira za kafukufuku. Lero, pamene liwu loti lithium kapena rare earth pa chikalata cha kampani lingakweze mtengo wa masheya tsiku limodzi, mtolankhani ndi mkulu wa boma ayenera kudziwa kusiyana kwa mwala umene wangoganiziridwa kuti ulipo potengera maenje ochepa ndi mwala umene watsimikizidwa kuti ungakumbidwe mopindulitsa. Manambala ambiri aakulu amene timawerenga m'nyuzipepala ndi a mtundu woyambawo.

Chifukwa chimene ndimachiona kukhala chachikulu kuposa zonse n'chakuti kafukufuku woima payekha amatha kunena kuti pano pasakumbidwe, mawu amene kampani imene yaononga kale ndalama zambiri imavutika kuwatchula. Sayansi imene imapeza mkuwa ndi yomweyo imene imadziwa kuti mwala wokhala ndi pyrite, yemwe ndi msakanizo wa chitsulo ndi sulufule, ukakumana ndi mpweya ndi madzi umapanga asidi amene amatha kuipitsa mitsinje kwa zaka mazana, monga mmene migodi yakale ya golide yozungulira Johannesburg ikuchitira mpaka lero. Ndi yomweyo imene imadziwa kuti miyala yambiri ya rare earth imakhala ndi thorium, amene amatulutsa cheza choopsa ndipo amatsalira m'zinyalala. Ku chigwa cha mchere cha Salar de Atacama ku Chile, kumene lithium amatengedwa popopa madzi amchere a pansi n'kuwaumitsa padzuwa m'maiwe aakulu, mkangano wa makampani ndi anthu a m'deralo wagona pa funso la sayansi la mmene madzi amcherewo amalumikizirana ndi madzi abwino, ndipo ngati oyeza onse ndi olipidwa ndi opopawo, anthu sangakhulupirire zotsatira zake ngakhale zitakhala zoona. Ku Serbia zionetsero za anthu zinachititsa boma kuthetsa zilolezo za ntchito ya Jadar mu January 2022, ngakhale kuti linadzasinthanso maganizo mu 2024, ndipo kusakhulupirirana kunali pa phata pa nkhaniyo.

Ena amati zonsezi n'zosafunika chifukwa zitsulo zingatengedwe ku mabatire ndi makina akale. Kubwezeretsa zinthu zakale n'kofunika ndipo kudzakula, koma batire la galimoto limagwira ntchito zaka zoposa khumi lisanatayidwe, choncho zakale zimene zilipo lero n'zochepa poyerekeza ndi zatsopano zimene zikufunika. Ena akuloza pansi pa nyanja ya Pacific, m'dera la Clarion-Clipperton, kumene kuli timiyala tobulungira tokhala ndi manganese, nickel, cobalt ndi mkuwa. Timiyala timeneti timakula mamilimita ochepa pa zaka miliyoni imodzi, ndipo zamoyo zambiri za kumeneko sizinapatsidwe ngakhale mayina. Kuthamangira kumalo amene sitikuwadziwa n'komwe, pamene madera aakulu a pamtunda alibe mapu abwino ndipo milu ya zinyalala za migodi sinayezedwe, ndikuona kuti ndi kuyamba ntchito chakumapeto.

Ku Adelaide boma la South Australia lili ndi nyumba yosungiramo miyala yoboola yotalika mamita oposa 7 miliyoni ikalumikizidwa, ina yotengedwa zaka zoposa zana zapitazo, ndipo wophunzira kapena kampani iliyonse ingapemphe kuti ione thireyi imene ikufuna. Sweden ili ndi nyumba yotere ku Malå, ndipo Finland ili nayo ku Loppi. Miyala imene inabooledwa pofunafuna golide kapena chitsulo ikutulutsidwanso m'nyumba zimenezi n'kuyezedwa ndi makina atsopano pofuna lithium, cobalt ndi rare earth, popanda kuboola dzenje lina. M'maiko ena ambiri kampani ikachoka mathireyi amasiyidwa pamtetete, matabwa ake amawola, manambala osonyeza kuya amafufutika ndi mvula, ndipo miyalayo imasakanikirana mpaka palibe angadziwe kuti uwu unachokera dzenje liti. Kuboola mita imodzi kumadya ndalama zambiri kuposa kuisunga kwa zaka makumi angapo, ndipo mwala umene wataya nambala yake sungayezedwenso mopindulitsa, ngakhale mutakhala chitsulo chimene dziko lonse likuchifuna.